Kodi kompyuta imadziwa bwanji kuti imelo iyi ndi yabodza?

Ana inu, mwina munaonapo foni ya amayi kapena ya agogo ikulandira uthenga woti awina mphoto, ndipo atumize kaye ndalama pang'ono kuti ailandire, chonsecho sanalowe mpikisano uliwonse. Mauthenga oterewa sali pafoni pokha. Pa imelo ndiye ali mbwee! Pafupifupi theka la maimelo amene amatumizidwa padziko lonse ndi osafunika: ena otsatsa malonda amene palibe anawafunsa, ena akuba, ena obisa mavairasi owononga kompyuta. Onsewa amatchedwa spam.

Khalidweli ndi lakale kuposa makolo a ambiri mwa inu. Pa 3 May 1978, Gary Thuerk, amene ankatsatsa malonda kukampani ya makompyuta ya Digital Equipment Corporation ku America, anatumiza uthenga umodzi wotsatsa makompyuta kwa anthu pafupifupi 400 nthawi imodzi. Anadzera pa ARPANET, kholo lake la intaneti. Ambiri amene anaulandira anapsa mtima, koma ena anagula makompyutawo, ndipo n'chifukwa chake mchitidwewu sunathe mpaka lero. Kutumiza imelo kwa anthu miyandamiyanda sikudya ndalama zambiri, ndiye ngakhale mmodzi yekha atapusitsika, wotumizayo wapindula.

Nanga bwanji munthu akatsegula imelo yake sapeza zinyalala zokhazokha? N'chifukwa choti panjira pali pulogalamu yosefa makalata. Koma tisanaione, tidziwe kaye kumene makalatawo amafikira.

Sukulu, mpingo kapena shopu ikafuna webusaiti ndi imelo yakeyake, mwachitsanzo ya dzina lothera ndi .mw, imafunika seva. Seva ndi kompyuta yamphamvu imene sizima usana ndi usiku, ndipo ndi imene imalandira makalata inu muli m'tulo. Kukhala ndi seva yawekha n'kodula, choncho ambiri amachita lendi kagawo kochepa pa seva imene akugwiritsanso ntchito anthu ena ambirimbiri. Zimenezi amati shared hosting. Zili ngati ploti ya nyumba za lendi ku Ndirande kapena ku Kawale. Banja lililonse lili ndi chitseko chake ndi loko wake, koma geti ndi limodzi, mpopi ndi umodzi, ndipo landilodi ndi mmodzi. Musaiwale za mpopiwo, tiufunanso.

Pageti la maseva ambiri otere pamakhala mlonda wotchedwa SpamAssassin. Si munthu ayi, ndi pulogalamu yaulere imene Justin Mason wa ku Ireland anaiyambitsa mu 2001, ndipo kuyambira mu 2004 imasamalidwa ndi bungwe la Apache Software Foundation. Chimene chimandisangalatsa ine pa mlondayu n'chakuti sapupuluma. Saweruza kalata pa chifukwa chimodzi. Ali ndi malamulo mazanamazana, ndipo lamulo lililonse limafunsa funso limodzi lokha. Kodi mutu wa kalatayi walembedwa wonse m'zilembo zazikulu, ngati munthu wokuwa? Kodi muli linki yopita kuwebusaiti yodziwika ndi zachinyengo? Kodi seva imene yatumiza ili pamndandanda wa maseva ovuta, ngati umene limasunga bungwe la Spamhaus? Yankho likakhala inde, kalatayo imapatsidwa mapointi. Apa mapointi si chinthu chonyadira: akachuluka ndiye kuti zaipa. Pomaliza amawonkhetsedwa, ndipo akakwana 5, kalatayo imaikidwa chizindikiro choti ndi spam. Palinso malamulo ochotsera mapointi kalata ikaoneka kuti yachokeradi kwabwino.

Tiyeni tiyese ndi manambala ongopeka tokha. Mutu wokuwa, pointi 1. Linki yokayikitsa, mapointi 3. Pamodzi ndi 4, kalata yadutsa. Koma ikapezekanso kuti yanama za kumene yachokera, n'kuonjezerapo 2, yafika pa 6, ndipo ulendo wake wathera pomwepo. Mwaona ubwino wake? Amalume anu amene amakonda kulemba zonse m'zilembo zazikulu sangatsekeredwe kunja pa mlandu umodzi wokhawo.

Komabe mlonda ameneyu malamulo ake ambiri analembedwa poganizira makalata a Chingerezi, ndipo akuba amasintha machenjera tsiku ndi tsiku. Ena amalemba ziro pamalo pa chilembo o. Ena amaika mawu awo onse m'chithunzi kuti pulogalamu isawawerenge. Choncho spam ina imalowabe, ndipo mwini imelo akatopa nayo amafuna kulemba lamulo lakelake.

Pa maseva ambiri a lendi pali tsamba loyendetsera zinthu lotchedwa cPanel, ndipo m'menemo muli malo otchedwa Email Filters. Lamulo la pamenepa lili ndi mbali zitatu. Mumauza kompyuta poti iyang'ane, kaya ndi pamutu wa kalata, pa adiresi ya wotumiza, kapena m'kati mwa kalatamo. Mumaiuza choti ifufuze. Kenako mumaiuza choti ichite ikachipeza. Mwana wa Sitandade 6 akhoza kulemba lamulo lotere m'mphindi zochepa. Kulemba si kovuta. Chovuta ndi kulemba lamulo losagwira osalakwa.

Tiyerekeze kuti aphunzitsi amene amayang'anira imelo ya sukulu atopa ndi makalata a Chingerezi onena za kuwina. Akulemba lamulo loti kalata iliyonse yokhala ndi "win" itayidwe. Zikumveka zanzeru, eti? Tsopano taonani bwinobwino mawu awa: mwina, wina, kwina, mwini. Yang'ananinso liwu loti "bwinobwino" limene mwangowerengali. Zilembo zitatu zija zabisala m'mawu onsewa! Kompyuta simva Chichewa, simvanso Chingerezi. Imangoona w, i ndi n zitatsatizana, basi. Kholo likalemba kuti "Muli bwanji aphunzitsi, ife tili bwino", kalatayo yapita. Mwana aliyense wotchedwa Edwin kapena Winnie, nkhani yake siifikanso kwa ahedi. Choipa kwambiri n'chakuti palibe amene angadziwe. Wotumiza akuganiza kuti sukulu yamunyalanyaza, sukulu ikuganiza kuti palibe walemba.

Musaseke aphunzitsi ongopekawa, chifukwa zoterezi zinagwerapo makampani akuluakulu. Mu 1996, kampani ya intaneti ya AOL inakaniza anthu a m'tauni ya Scunthorpe ku England kulembetsa maakaunti, chifukwa m'kati mwa dzina la tauniyo muli zilembo zopanga liwu lotukwana la Chingerezi. Anthu a makompyuta mpaka pano vuto la mtundu umenewu amalitchula ndi dzina la tauniyo.

Ndiye lamulo labwino limalembedwa bwanji? Choyamba, liuze kompyuta kuti ifufuze liwu lathunthu, osati zilembo zobisala m'mawu ena. Pali kalembedwe kapadera kotchedwa regex, ndipo m'menemo chizindikiro cha \b chimaimira malire a liwu. Mukalemba \bwin\b, kompyuta igwira "win" woima payekha, koma "bwino" imusiya adutse. Ndi bwinonso kuphatikiza zinthu ziwiri kapena zitatu, monga kunena kuti kalata ikhale ndi liwulo komanso ichokere kwakutikwakuti. Koma chachikulu, kwa ine, ndi mbali yachitatu ija, ya choti kompyuta ichite. Pamndandandapo pali kusankha kuti kalata itayidwiretu, palinso kusankha kuti iikidwe m'foda yapadera. Wanzeru amasankha foda, n'kumasuzumiramo kamodzi pa sabata. Kalata yoikidwa pambali mukhoza kuibweza. Yotayidwa ndi seva sibwerera, ngakhale ikhale yokuitanani kusukulu ya sekondale.

Anthu odziwa zambiri amafuna kupitirira apa, n'kulembera SpamAssassin yemweyo lamulo latsopano la mapointi. Lamulo lotere limatha kukhala la mizere iwiri yokha: woyamba wotchula dzina la lamulolo ndi mawu ofufuza, wachiwiri wonena mapointi. Amalilemba m'fayilo yotchedwa user_prefs, amasunga, amadikira. Kawirikawiri palibe chimene chimachitika. Salakwitsa kalembedwe ayi, koma landilodi sanalole. SpamAssassin ili ndi switchi yotchedwa allow_user_rules, imene imabwera ili yozimitsa, ndipo woiyatsa ndi mwini seva yekha. Makampani ambiri amaisiya choncho.

Kodi ndi nkhanza? Kumbukirani mpopi uja. Mphamvu ya seva ndi imodzi, ya onse. Regex yolembedwa molakwika ikhoza kuchititsa kompyuta kuzungulirazungulira pa kalata imodzi kwa nthawi yaitali, uku makalata a anthu ena onse ali pamzere, mawebusaiti awo akutsegula mwaulesi. Munthu mmodzi watsekereza mpopi ndi ndowa yobooka. Ndiponso munthu wa maganizo oipa akhoza kugwiritsa ntchito mwayi wolemba malamulowo poyesa kuwononga seva. Apa ine ndili kumbali ya landilodi.

Sikuti walendi amatsala manja lende. M'fayilo yomwe ija amaloledwa kusintha malire a mapointi, kuwatsitsa kufika pa 4 kuti mlonda akhwimitse, kapena kuwakweza kuti afewe. Amaloledwa kuonjezera kapena kuchepetsa mapointi a malamulo amene alipo kale. Amathanso kulemba mndandanda wa maadiresi olandiridwa nthawi zonse ndi wa oletsedwa. Woyambawo ndi wothandiza kwambiri. Wachiwiriwo mphamvu zake n'zochepa, poti otumiza spam amasintha maadiresi ngati malaya, ndipo nthawi zina amabera adiresi ya munthu wosalakwa.

Pali njira inanso imene safuna kulemba lamulo n'komwe. Mlondayu amatha kuphunzira. Mukamusonyeza makalata oipa ndi abwino, amawerenga mawu amene amapezeka kwambiri mbali iliyonse, n'kuyamba kulota yekha. Masamu ake anachokera kwa Thomas Bayes, m'busa wa ku England amene anamwalira mu 1761, kopanda magetsi, kopanda kompyuta. Njirayi inatchuka pa nkhani ya spam mu 2002, Paul Graham atalemba za mmene anaiyesera. SpamAssassin siyamba kudalira zimene yaphunzira mpaka itaona makalata oipa 200 ndi abwino 200. Ubwino wake kwa ife n'ngwakuti siisamala za chilankhulo. Ikaona makalata a Chichewa okwanira, imazindikira yokha kuti "bwino" ndi liwu la anthu abwinobwino.

Lamulo lililonse liyenera kuyesedwa lisanayambe ntchito. Mu cPanel muli kabokosi kotchedwa Filter Test, momwe mumalembamo kalata yoyeserera n'kuona chimene lamulo lanu lingaichite. Inunso mukhoza kuyesa popanda kompyuta. Khalani atatu. Mmodzi alembe malamulo asanu papepala ndi mapointi ake, osaonetsa anzake. Wachiwiri alembe makalata atatu achinyengo, wachitatu alembe atatu enieni, monga opita kwa azakhali kapena kwa aphunzitsi. Sakanizani makalatawo, muwonkhetse mapointi a iliyonse, ndipo yofika pa 5 iikidwe pambali. Kenako werengani achinyengo amene adutsa ndi enieni amene agwidwa, musinthane maudindo, wolemba malamulo watsopano ayese kuchita bwino kuposa mnzake.