Dzuwa la Okutobala: Panado Si Yankho

M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, kutentha kuno ku Chigwa cha Shire kumapitirira madigiri 40. Thupi likalephera kudziziziritsa, munthu amatentha kwambiri, amasokonezeka mutu, amabwebweta, mwinanso kukomoka kumene. Ambiri amangoti ndi malungo, n'kumupatsa panado. Panadoyo sathandiza, ndipo kuchedwa kumawononga ubongo ndi impso.

Mugonekeni pamthunzi, mumuvule zovala zokhuthala, mumuthire madzi ozizira thupi lonse, makamaka m'khosi ndi m'khwapa, kwinaku mukumukupiza. Wokomoka musamumwetse kanthu, angatsamwidwe. Thamangirani naye kuchipatala mukumunyowetsabe m'njira.

Okalamba, makanda ndi odula nzimbe ndiwo amagwidwa msanga. Kumunda lawirirani m'mamawa, ndipo madzi muzimwa musanamve ludzu. Kachasu ndiye amangoumitsa thupi.