Kubwereka Si Kuba: Za Fan Fiction ndi Kuphunzira Zisudzo

Anzanga, pasukulu pano alembi alipo ambiri, kungoti amabisala. Wina filimu ya ku Nigeria ikatha mosamusangalatsa, amatenga kope lakale n'kulemba mathero akeake. Wina buku la Literature likatha mtima wake umakana, ndiye amapitiriza yekha nkhaniyo kumasamba akumbuyo. Akangopezeka nalo kopelo, mawu amene amamva ndi amodzimodzi: "Aaa, zokopera izi! Bwanji osapeka zako?" Mawu amenewa atsekera makope ambiri m'zikwama. Ine ndili m'kalabu ya zisudzo, ndipo ndikufuna ndifotokoze chifukwa chake ndimati anzathuwa akuphunzira luso lomwelo limene ife timalivutikira tikamakonzekera sewero.

Kodi fan fiction n'chiyani?

Fan fiction ndi nkhani imene munthu amalemba pobwereka apangankhani a m'buku, m'filimu kapena m'sewero limene amalikonda. Anthuwo ndi a mwiniwake, koma zimene zikuwachitikira wapeka ndi iwe. Kukopera ndi kwina. Wokopera amatenga mawu a mnzake n'kulembapo dzina lake, ndipo kumeneko ndi kuba basi. Wa fan fiction amanena poyera kuti anthuwa ndabwereka kwa uje, kenako amafunsa funso limene mwini nkhani sanayankhe.

Mwachitsanzo, mu Macbeth, achiwembu atapha Banquo, mwana wake Fleance anathawa usiku womwewo. Seweroli silimuonetsanso. Anagona kuti? Anamudyetsa ndani? Atamva kuti Macbeth waphedwa, anasangalala kapena analira poganiza za bambo ake? Ukakhala pansi n'kulemba usiku woyamba wa Fleance ali m'thengo, walemba fan fiction. Mu Romeo and Juliet muli Rosaline, mtsikana amene Romeo ankamufera asanaone Juliet. Mtsikanayu sayankhula ngakhale liwu limodzi m'sewero lonse. Kaya iye anaziona bwanji zonsezi? Imeneyonso ndi nkhani ikudikira mlembi.

Dzinali linatchuka kwambiri ku America. Sewero la pa TV la Star Trek linayamba mu 1966, ndipo mu 1967 olikonda ena anatulutsa kamagazini kawokawo kotchedwa Spockanalia, kosindikiza pa makina opukusa pamanja. Analibe kampani, analibe malipiro. Anali ndi mapepala ndi chidwi, ngati mmene tilili ife ndi bolodi lathuli.

Nzakalekale izi

Dzinali ndi lachilendo, koma khalidweli timalidziwa kuyambira tili ana. Kodi Kalulu ndi Fisi ndi a ndani? Agogo ako amasimba nthano ya Kalulu mwanjira yawo, agogo a mnzako amaisimba mwina, wina amawonjezera nyimbo, wina amasintha mathero. Palibe amene amawanena kuti akopera. Aliyense amabwereka Kalulu yemweyo, wochenjera yemweyo, n'kumuika m'mavuto atsopano.

Shakespeare amene timamuopa pa mayeso nayenso anali katswiri wobwereka. Nkhani ya Romeo ndi Juliet anaitenga m'ndakatulo yaitali ya Arthur Brooke ya mu 1562. M'ndakatuloyo zinthu zimachitika kwa miyezi ingapo, koma iye anazipanikiza m'masiku ochepa chabe, n'chifukwa chake sewerolo limathamanga ngati moto wolusa. Macbeth anamutenga m'mabuku a mbiri a Raphael Holinshed. M'menemo Banquo anathandiza nawo kupha Duncan, koma Shakespeare anamusandutsa munthu wosalakwa, pakuti mfumu James ya nthawi imeneyo inkadziwika kuti ndi ya mbumba ya Banquo. Mukuona? Anabwereka, anasintha, ndipo chimene anasinthacho ndiye luso lake.

Mu 1966, Jean Rhys wa ku Dominica anatulutsa buku la Wide Sargasso Sea. Anatenga mayi amene m'buku la Jane Eyre, la mu 1847, amangodziwika kuti ndi wamisala wotsekeredwa m'chipinda chapamwamba, n'kumupatsa ubwana, kwawo ndi mawu akeake. Masiku ano bukuli amaphunzira m'mayunivesite. Chaposachedwa, Anna Todd wa ku America anayamba mu 2013 kulemba nkhani ya After pa foni, mnyamata wa m'nkhaniyo atamutengera kwa woimba Harry Styles. Mu 2014 inasindikizidwa ngati buku, dzina la mnyamatayo litasinthidwa, ndipo mu 2019 inakhala filimu. Sindikunena kuti aliyense wolemba m'kope adzafika pamenepo, ayi. Ndikungonena kuti poyambira pamenepa si pochititsa manyazi.

Pamene mlembi ndi wazisudzo amakumana

Tsopano tibwere ku zisudzo. Wazisudzo aliyense amagwira ntchito ndi munthu wobwereka. Amapatsidwa mtengambali amene analemba wina, mawu ali kale papepala, koma papepalapo sipalembedwa zonse. Sipanena kuti munthuyu wadya kapena ali ndi njala, amayenda bwanji, kapena ankachita chiyani asanalowe pabwalo. Mipata imeneyi amadzaza ndi wosewerayo.

Munthu amene anaika nzeru zimenezi m'ndondomeko ndi Konstantin Stanislavski wa ku Russia, amene anabadwa mu 1863 n'kumwalira mu 1938. Mu 1898, iye ndi mnzake Vladimir Nemirovich-Danchenko anayambitsa Moscow Art Theatre. Ankadana ndi kusewera kongokuwa ndi kutambasula manja popanda chifukwa. Ankaphunzitsa osewera kudzifunsa mafunso asanatsegule pakamwa. Mwachidule mafunsowo ndi awa. Ndine yani, ndili kuti, ndipo ndi nthawi yanji? Ndikufuna chiyani kwa munthu ndikuyankhula nayeyu? N'chiyani chikunditchinga? Ndipo funso lalikulu: ndikanakhala ine pamalo amenewa, zinthu zili chonchi, ndikanatani?

Tayesani izi pa nthawi yopuma. Tengani mawu awiri okha: "Mwabwera liti?" Anenereni mchimwene wanu amene wachokera ku Joni atatha zaka zitatu osaimba foni. Anenereninso munthu amene muli naye ngongole. Kenako anenereni mayi anu amene akupezani mukudya ndiwo za madzulo. Mawu ndi omwewo, koma liwu, maso ndi mapewa zimasintha zokha, chifukwa chimene mukufuna chasintha. Koyamba mwina mukufuna kumukumbatira kapena kumukalipira, kachiwiri mukufuna kuthawa, kachitatu mukufuna kubisa mbale. Wosewera amene sadziwa chimene akufuna amangolakatula ngati akuwerenga zolengeza pa asembule.

Ndiye taonani amene akulemba za Fleance uja. Kuti alembe tsamba limodzi lokha, ayenera kudziwa kuti mnyamatayo ali kuti, akufuna chiyani, akuopa ndani. Mafunso a Stanislavski omwe aja! Kusiyana kwake n'kwakuti wina amayankha ndi cholembera, wina amayankha ndi thupi. Ndiponso kubwereka kumathandiza wongoyamba kumene. Sakuvutika kupeka dziko lonse, mayina ndi mbiri ya aliyense. Mphamvu zake zonse zikupita pa chinthu chimodzi chovuta: kuchititsa munthu wa papepala kuyankhula ngati wamoyo. Owerenga amene amamudziwa mpangankhaniyo amakhalanso aphunzitsi aulere, pakuti ukalakwitsa amakuuza pompo kuti, "Iyayi, Lady Macbeth sangayankhule mofatsa choncho."

Luso lobadwa nalo silikwanira

Pali bodza lina limene timakonda kuuzana: eti zisudzo n'zobadwa nazo, wanthabwala m'kalasi ndiye wosewera. Kuseketsa anzako pa desiki ndi mphatso ndithu, koma bwalo limafuna zambiri. Mawu ako ayenera kufika kwa wokhala kumbuyo kwenikweni popanda kukuwa. Uyenera kuchita chinthu chomwecho kakhumi, mofanana, ngakhale tsiku limene mutu ukuwawa. Zimenezi zimachita kuphunziridwa.

Lupita Nyong'o, amene anakulira ku Kenya, anasewera Juliet ku Nairobi ali ndi zaka 14. Luso linalipo kale, komabe anapita kukaphunzira zisudzo ku Yale School of Drama ku America, n'kumaliza mu 2012. Mu 2014 analandira mphoto ya Oscar chifukwa cha filimu ya 12 Years a Slave. Chiwetel Ejiofor wa ku Britain, amene anali kale katswiri wodziwika, anachita kuphunzira Chichewa kuti asewere ngati bambo a William Kamkwamba mufilimu ya The Boy Who Harnessed the Wind, yojambulidwa kuno ku Malawi n'kutuluka mu 2019. Munthu wamkulu chotero kubwerera pansi n'kumaphunzira kutchula mawu ngati mwana! Kuno kwathu, Du Chisiza Jr anayamba kudziwika ndi masewero a kusekondale, pa mpikisano wa ATEM, asanayambitse gulu la Wakhumbata Ensemble Theatre mu 1987. Bwalo lake loyamba linali la sukulu.

Ife tilibe holo ya magetsi amitundumitundu, koma zoyeserera zofunika kwambiri sizilira ndalama. Nazi zina zimene tingachite pansi pa mtengo:

Kupuma. Ika dzanja pamimba, koka mpweya mpaka dzanjalo likankhidwe, mapewa asakwere. Tulutsa pang'onopang'ono ukuwerenga manambala mokweza. Mawu amphamvu amachokera m'mimba. Ukamawafinya pakhosi, sewero lisanafike pakati mawu aphwa.

Kufikitsa mawu. Mnzako aime kugolo lina la bwalo la mpira, iwe pakati. Yankhula chiganizo chimodzi osakuwa. Akabwereza molondola, bwerera m'mbuyo mapazi asanu. Uona kuti chimene chimathandiza ndi kutsegula pakamwa ndi kumaliza mawu, osati phokoso.

Kuonetsetsa. Pa tsiku la msika, taona mmene amayendera mayi wosenza dengu la tomato, wakabaza amene watopa, ndi mnyamata wovala nsapato zatsopano. Usawaseke. Funsa kuti kulemera kwa thupi kuli pati, kenako kayesere kunyumba.

Kumvetsera. Osewera ambiri amangodikira mzere wawo, maso ali gwa, osamva zimene mnzawo akunena. Yeserani awiriawiri: usayankhe mpaka utabwereza mumtima mawu omaliza a mnzako. Nkhope imayamba kuyankha yokha.

Mpando wa mafunso. Mmodzi akhale pampando ngati mtengambali wake, ena amufunse zimene sizili m'sewero. Unadya chiyani m'mawa? Umamuopa ndani? Ayankhe ngati munthuyo, osaseka. Apa ndiye pamene olemba fan fiction amawala, chifukwa mafunso oterewa ndi chakudya chawo cha tsiku ndi tsiku.

Malire ake

Kubwereka kuli ndi mwambo wake. Choyamba, lemba pamwamba kuti anthu a m'nkhaniyi ndawatenga m'buku lakuti la mlembi wakuti. Chachiwiri, usagulitse nkhani ya anthu a mwiniwake. Malamulo a umwini wa zolemba alipo, ndipo kuno kwathu bungwe la COSOMA ndi limene limayang'anira zimenezi. Shakespeare anamwalira mu 1616, ndiye zake aliyense ali ndi ufulu wozigwiritsa ntchito, koma za mlembi wamoyo n'zina. Chachitatu, usalembe za mnzako wa m'kalasi kapena aphunzitsi n'kumati ndi nthano chabe. Imeneyo ndi miseche yovala yunifolomu. Chachinayi, kope la nkhani lisadye nthawi ya Masamu. JCE ndi MSCE sizidikira munthu.

Nanga ife owerenga? Mnzako akakupatsa kope lake, dziwa kuti walimba mtima kwambiri. Usangoti "zili bho" n'kubweza, komanso usaliwerenge mokweza pagulu kuti anthu aseke. Muuze malo amodzi amene anakugwira mtima, ndi chifukwa chake. Kenako mufunse funso limodzi pamene sunamvetse: "Nanga n'chifukwa chiyani anabwerera kumudzi?" Funso lotere limamupatsa ntchito ya mawa. Kunyoza kumangomupatsa chifukwa chosiyira.

Kwa inu olemba, musaope kuti mudzakhala obwereka mpaka kale. Ukalemba za Fleance kangapo, umapezeka wamupatsa mnzake amene Shakespeare sanamulembe, kenako mudzi, kenako mlongo wake wa mnzakeyo. Tsiku lina umangoona kuti Fleance watuluka m'nkhani, otsalawo ndi ako onse. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

Pempho langa

Kalabu ya zisudzo imasowa masewero chaka chilichonse. Timabwereza mitu yomweyomweyo, mfiti, sing'anga ndi bambo woledzera, pamene nkhani zatsopano zili m'zikwama za anzathu. Olemba nawonso amasowa womva mawu awo akuyankhulidwa, chonsecho palibe chimene chimaonetsa msanga chiganizo chopotoka ngati kuchimva pakamwa pa munthu wina. Mutu umodzi susenza denga.

Choncho pa tsiku la makalabu bwerani ndi masamba awiri okha, anthu awiri akukambirana, aliyense akufuna chinthu chimene mnzake sakufuna kupereka. Dzina lanu mukhoza kulibisa ngati mukufuna. Ife tiimirira n'kuwasewera, inu mukhale pambali ndi cholembera, mumve pamene pakukoma ndi pamene pakufunika kukonza. Paja mbewa ya manyazi inafera kuuna. Tulutsani makopewo, anzanga.

Wanu wa Fomu 3, wa m'kalabu ya zisudzo