Kamera yachidole imene idatchukitsa malo wamba

Tiyerekeze kuti mwajambulitsa, ndiye wojambula uja wakubweretserani chithunzi cha mbuu, m'makona muli bii, pakati padutsa kamzere kofiira. Mungalipire? Ambirife tikhoza kumuuza kuti abweze ndalama pompo. Komatu ku America ndi ku Ulaya kuli akatswiri amene zithunzi zoterezi amazifuna dala, ndipo amajambulira kamera ya pulasitiki yomwe eni ake adaipanga ngati chidole.

Nkhaniyi idayambira ku Hong Kong m'zaka za m'ma 1960, kumene fakitale ya Great Wall Plastic inkapanga kamera yotchedwa Diana. Thunthu lake pulasitiki, diso lake pulasitikinso. Inali yotchipa kwambiri moti ena ankangoipereka ngati mphoto pa masewera.

Koma mayi wina wa ku America, Nancy Rexroth, yemwe ankaphunzira zojambula pa Ohio University, adaitenga nayamba kuyenda nayo m'timatauni ta kumwera chakum'mawa kwa chigawo cha Ohio. Ankajambula zinthu zimene aliyense amangozidutsa: nyumba zamatabwa, zipinda zogona, makhonde, ana akusewera pabwalo. Mu 1977 adatulutsa buku la zithunzizi lotchedwa Iowa, ngakhale zambiri mwa izo sadajambulire ku Iowa. Dzinalo lidachokera kumene ankapita kukacheza kwa achibale ali mwana. Chimbuuzi cha kamerayo chidagwirizana ndi zimene ankafuna, pakuti munthu ukamakumbukira kwanu, zina zimaoneka bwino, zina zimazimirira. Bukuli adalisindikizanso mu 2017, patatha zaka 40.

Mng'ono wake wa Diana ndi Holga, yomwe idatuluka mu 1982 ku Hong Kong konko. Mwini wake, T. M. Lee, ankafuna kamera yoti anthu wamba a ku China akwanitse kugula. Malonda ake poyamba sadayende, chifukwa Holga imagwiritsa ntchito filimu yaikulu ya 120 pamene anthu anali atayamba kukonda ya 35mm. Adaipulumutsa ndi ojambula akunja amene adakopeka ndi zilema zake zomwezo.

Zilemazo nazi. Diso lake ndi kachidutswa kamodzi ka pulasitiki, choncho pakati pa chithunzi pamaoneka bwino koma m'mbali mumachita mbuu ndipo m'makona mumada. Chitseko chakumbuyo sichitsekeka bwino, kuwala kumalowa m'ming'alu n'kuwaula filimu, n'chifukwa chake eni ake amazimata tepi yakuda. Pofuna kuyeza mtunda mumangosankha tizizindikiro tinayi: munthu mmodzi, banja, gulu kapena phiri. Mukaiwala kupukusa filimu, zithunzi ziwiri zimasanjikizana pamalo amodzi. Ndipo pa filimu yonse mumapezapo zithunzi 12 zokha za mbali zofanana.

Musaganize kuti ndi zamasewera. Pa kampeni ya chisankho cha ku America mu 2000, mtolankhani wojambula David Burnett adajambula Al Gore ndi Holga, anzake atanyamula makamera odula. Chithunzicho chidalandira mphoto mu 2001 kuchokera ku bungwe la ojambula nkhani za ku White House. Naye Michael Kenna wa ku England, katswiri wojambula malo, adatulutsa buku lonse la zithunzi za Holga mu 2017.

Inu a geni mudziwa kale kuti chinthu chikatchuka mtengo sukhala pomwepo. Kampani ya Lomography ya ku Vienna, yomwe adaiyambitsa ndi ophunzira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, idayambanso kupanga Diana mu 2007 n'kumaigulitsa pamtengo woti si wa chidolenso ayi. Instagram itabwera mu 2010, idatengera maonekedwe omwewa, moti aliyense akhoza kudetsa makona a chithunzi pongodina pafoni. Holga nayo adasiya kuipanga mu 2015, koma idabwereranso pamsika mu 2017.

Apa mpofunika kunena zoona. Si chithunzi chilichonse cha mbuu chimene chili luso. Ena amangobisa ulesi kuseri kwa chimbuuzi, n'kumati ndi fashoni. Chidakometsa zithunzi za Rexroth n'chakuti adaima n'kuyang'anitsitsa khonde limene wina aliyense ankaliona ngati lopanda ntchito. Kamera yoperewerayo idangomuthandiza kuchotsa zosafunika.

Ndiye ine sindikuti muthamange kukasaka Holga. Filimu ya 120 njovuta kuipeza kuno, ndipo kuitsukitsa ndi vuto linanso. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Kafoni kotchipa kali m'thumba mwanumo, kamene mumakanyoza kuti kamajambula zosaoneka bwino, kali ndi zambiri kuposa Diana ya mayi Rexroth.

Vuto lathu lili pa zimene timasankha kujambula. Timajambulitsa paukwati, pomaliza maphunziro, kapena titatchena, titatsamira galimoto ya eni. Nanga benchi limene amayi agulitsirapo tomato zaka khumi, ndani adalijambula? Nanga depoti m'mamawa basi yoyamba isadanyamuke, kapena chipinda cha sukulu chimene mudawerengeramo ndi kandulo? Timati n'zamanyazi, kapena timati zilipobe mawa. Koma kumbukirani 2006, pamene boma lidachotsa mavenda m'misewu ya m'mizinda yathu. Malo amene adadyetsa mabanja ndi kulipirira ana fizi adasowa m'masiku ochepa. Ndi angati mwa inu amene mungaonetse mwana wanu pamene geni yanu idayambira?

Tengerani nzeru pa filimu ya Holga ija. Sabata ino dzipatseni zithunzi 12 zokha, zonse za malo amene mumadutsa tsiku ndi tsiku. Musadajambule munthu, yambani mwapempha, chifukwa si onse amakondwa nazo. Imani kaye, onani kumene dzuwa likuchokera, kenako dinani kamodzi basi. Chikatuluka cha mbuu musachifute. Sankhani ziwiri kapena zitatu, mukazitsukitse papepala, mulembe tsiku ndi malo kuseri kwake. Foni imabedwa, imagweranso m'madzi, koma chithunzi cha m'sutikesi chimafika kwa adzukulu.