Kodi mumadziwa? Usiku umene dziko la China limachezera mwezi

Chaka chilichonse, cha mu Seputembala kapena kumayambiriro kwa Okutobala, mabanja a ku China amasonkhana usiku umodzi kuti aonere mwezi limodzi. Chikondwererochi amachitcha Zhongqiu, ndipo nazi zina zimene mwina simunamvepo.

Kodi mumadziwa kuti tsiku lake limasinthasintha? Amawerengera mwezi wakumwamba, osati kalendala imene tinazolowera. Limagwa pa 15 mwezi wachisanu ndi chitatu pa kalendala yamakolo awo, pamene mwezi uli wathunthu. Nthawiyi kutentha kumakhala kutatha, mpunga ndi zipatso zitakhwima, choncho ndi usiku wothokozanso chifukwa cha zokolola.

Kodi mumadziwa kuti chinayamba ngati nsembe ya mafumu? Mu ufumu wa Zhou, zaka zoposa 2,000 zapitazo, mafumu ankathira nsembe kwa dzuwa m'nyengo yobzala ndiponso kwa mwezi m'nyengo yokolola. Ku Beijing kudakali guwa la mwezi lotchedwa Yuetan, lomangidwa mu 1530. Mwambowu unatchuka m'nthawi ya ufumu wa Tang (618–907), ndipo pofika ufumu wa Song (960–1279) unali wa aliyense, moti mumzinda wa Kaifeng misika inkachezera mpaka mbandakucha.

Kodi mumadziwa kuti amati kumwezi kumakhala mkazi? Nthano yake imati kale kunatuluka madzuwa 10 nthawi imodzi, mbewu n'kupserera. Katswiri wa uta, Hou Yi, analasa 9 n'kusiya limodzi, ndipo anapatsidwa mankhwala oti womwa asadzafe. Iye sanafune kusiya mkazi wake Chang'e, choncho anamupatsa kuti asunge. Tsiku lina mwamunayo atachokapo, wophunzira wake wina anabwera kudzalanda mankhwalawo. Chang'e anawamwa yekha, thupi linapepuka, n'kuuluka mpaka kumwezi. Hou Yi, chisoni chitamugwira, anayala panja zipatso ndi makeke amene mkazi wake ankakonda. Mpaka lero ena amayalabe zakudya moyang'anizana ndi mwezi.

Kodi mumadziwa kuti Chang'e ali ndi mnzake? Akayang'ana mawanga akuda a pamwezi, Atchaina amaonapo kalulu atagwira musi, akusinja mankhwala mumtondo. Dzina lake ndi Yutu. Mayinawa sanathere m'nthano: chombo cha Chang'e 4 ndicho chinali choyamba kutera bwinobwino kuseri kwa mwezi pa 3 Januwale 2019, ndipo kagalimoto kamene kanatsika m'chombocho kanali Yutu-2.

Kodi mumadziwa kuti keke ya chikondwererochi sadya munthu mmodzi? Ndi yobulungira, yokwana m'dzanja, yokhala ndi zilembo ndi maluwa zodindidwa pamwamba ndi chikombole. M'kati amaikamo phala lolimba la nthanga za duwa la lotus kapena la nyemba zofiira zothira shuga. Mukaidula, nthawi zambiri mumapeza pakati pali chikasu cha dzira la bakha lothira mchere, choimira mwezi. Kubulungira kwake kumatanthauza banja lokwana, lopanda wosowa. N'chifukwa chake amaidula tizidutswa n'kugawana, ndipo mwambo wakale unkati wachibale amene ali kutali naye amuwerengere chidutswa chake.

Kodi mumadziwa kuti makekewa amawatchula m'nkhani ya nkhondo? Anthu amasimba kuti otsatira a Zhu Yuanzhang ankabisa timakalata m'makeke pouzana tsiku loukira olamulira achimongolia. Akatswiri a mbiri amaiona ngati nthano, koma Zhu Yuanzhang analikodi, ndipo ndiye anayambitsa ufumu wa Ming mu 1368.

Kodi mumadziwa kuti ndakatulo yotchuka ya usikuwu inabadwa chifukwa cha kusowana? Mu 1076, mlakatuli Su Shi ali pantchito ya boma ku Mizhou, anachezera usiku wonse akukumbukira mng'ono wake Su Zhe amene anali asanaonane naye kwa zaka zingapo. Zimene analemba usikuwo ana asukulu ku China amaziloweza mpaka pano.

Kodi mumadziwa kuti ku Hong Kong amavinitsa chinjoka chamoto? M'dera la Tai Hang amaluka chinjoka cha udzu chotalika mamita 67, n'kuchibaya timitengo tofukiza tambirimbiri toyaka. Amuna ambiri amachinyamula m'misewu yopanikizika kwa masiku atatu, ng'oma zikulira, utsi uli tolo. Mwambowu unayamba cha m'ma 1880 pofuna kuthamangitsa mliri.

Kodi mumadziwa kuti mayiko oyandikana nawo amasunganso tsikuli? Ku Korea ndi Chuseok, pamene anthu amakalambula manda a makolo. Ku Vietnam ndi Tet Trung Thu, tsiku la ana ndi nyali zamapepala. Ku Japan ndi Tsukimi.

Kodi mumadziwa kuti tchuthi chake n'chaposachedwa? Boma la China linaika mwambowu pamndandanda wa chuma cha chikhalidwe mu 2006, n'kuupanga tchuthi cha dziko lonse mu 2008. M'dziko limene anthu mamiliyoni ambiri amagwira ntchito kutali ndi kwawo, tsikuli limapatsa ana mpata wokwera sitima kukadya ndi makolo awo, ndipo ndicho cholinga chachikulu cha chikondwererochi.