Kalata yobwera ndi keyala kale

Ana inu, munaonapo achimwene anu kapena aphunzitsi akudina mawu akuti "Tilembereni" pa foni? Akangodina, imelo imatseguka yokha, keyala italembedwa kale, mutu wa nkhani ulinso pomwepo. Walemba ndani? Musaope, m'fonimo mulibe ufiti.

Titenge za konkuno ku Khonjeni. Alimi a tiyi amathyola masamba m'mawa, n'kukayeza pa sikelo, masambawo n'kupita ku mafakitale a m'maesiteti a ku Thyolo. Tiyerekeze kuti kampani yogula masamba ili ndi tsamba lake pa intaneti, ndipo mayi wina akufuna kufunsa za makilo ake a mwezi uno. Keyala ya imelo ndi yovuta: mukangophonya kadontho kamodzi, kalata siifika. Ndiye wopanga tsambalo amabisa mzere wotere kuseli kwa batani:

mailto:thandizo@chitsanzo.mw?subject=Funso%20la%20makilo&body=Nambala%20yanga%20ndi

Ukuoneka ngati nyerere zayenda pa pepala, koma uli ndi dongosolo lake. Mawu akuti mailto amauza foni kuti itsegule pulogalamu ya imelo. Chotsatira ndi keyala. Pambuyo pa chizindikiro cha funso pali subject, womwe ndi mutu wa kalata, ndipo body ndi uthenga weniweniwo. Nanga %20 amene wadzaza ponseponseyu? Mzere wotere sulola mipata, choncho paliponse pofunika mpata pakati pa mawu amaikapo %20. Foni ikawerenga, imabwezeretsa mpatawo, ndipo mayi aja amangoona kuti "Funso la makilo".

Tsamba lochenjera limachita zoposa pamenepa. Ngati mayiwo alowa ndi dzina lawo, kompyuta imapanga mzere wawowawo, n'kuikamo nambala yawo ya ulimi ndi mwezi umene akufunsa. Kalaliki wa ku ofesi safunikanso kubweza kalata yofunsa kuti, "Kodi ndinu ndani, ndipo mukunena za mwezi uti?" Mabandulo a intaneti ndi okwera mtengo, ndiye kuchepetsa makalata obwerezabwereza si nkhani yaing'ono.

Agogo anu anazolowera njira ina. Pamene njanji yodutsa pa Khonjeni, ya pakati pa Nsanje ndi Blantyre, imatsegulidwa mu 1908, komanso pamene esiteti ya Satemwa imayamba mu 1923, kalata inali ya pepala, envulopu ndi sitampa. Imelo yapakati pa makompyuta inayamba mu 1971, pamene Ray Tomlinson wa ku America anasankha kachizindikiro ka @ kuti kalekanitse dzina la munthu ndi la kompyuta. Malamulo a mailto analembedwa mu 1994, ndipo mu 1998 anawonjezerapo njira yoikamo mutu ndi uthenga. WhatsApp nayo ili ndi njira yofanana, yoyamba ndi wa.me, kenako nambala yoyamba ndi 265 ngati ili ya kuno ku Malawi.

Koma mzerewu sutumiza kalata. Umangoikonza basi, wotumiza ndinu. N'chifukwa chake muziwerenga kaye zonse, keyala ndi uthenga womwe, musanadine batani lotumizira. Akamberembere nawonso amadziwa kupanga mizere yotereyi. Mukaona kalata ikupempha nambala yachinsinsi ya Mpamba kapena Airtel Money ya makolo anu, ifufuteni, ndipo mukauze munthu wamkulu.