Amisiri a ku Skansen, Amene Amagwira Ntchito Anthu Akuonerera

Mumzinda wa Stockholm, likulu la dziko la Sweden, muli chilumba chotchedwa Djurgården. Pachitunda cha pachilumbacho pali mudzi wa nyumba pafupifupi 150 umene ulibe mfumu ngakhale mbadwa. Nyumba zake zambiri anachita kuzigumula m'madera osiyanasiyana a dzikolo n'kudzazimanganso pamenepo, ndipo anthu ovala zovala zamakedzana amene amapezeka m'katimo ndi apantchito: amalowa m'mawa, madzulo n'kuweruka.

Mudziwu ndi Skansen, ndipo unatsegulidwa pa 11 Okutobala 1891. Anauyambitsa ndi Artur Hazelius, mphunzitsi amenenso anali katswiri wa chinenero. Akuyenda m'chigawo cha Dalarna mu 1872, anaona kuti moyo wakumudzi ukusintha mofulumira, choncho anayamba kutolera zovala ndi zipangizo za anthu wamba. Koma nkhwangwa yotsekeredwa m'kabati yagalasi siuza munthu mmene eniake ankaigwirira. Panafunika nyumba yeniyeni, moto pamafuwa, ndi munthu wodziwa ntchitoyo.

Amene amakopa anthu kwambiri ndi opanga zinthu zagalasi, omwe akhala ali pamalowa kuyambira m'zaka za m'ma 1930. M'chinyumba chawo mumatentha ngakhale kunja kukugwa chipale chofewa, chifukwa galasi limafewa bwino pakakhala kutentha kopitirira madigiri 1,000. Mmisiri amapisa chipaipi chachitali chachitsulo m'ng'anjo, galasi lofiira psuu n'kukanirira kunsonga ngati nsima pamthiko. Akangolitulutsa, dzanja silipumanso: ayenera kutembenuza chipaipicho mosalekeza, apo ayi galasi liyoyokera mbali imodzi. Amauzira mpweya pang'ono, kulisalaza ndi chipande chamtengo chonyowa kapena nyuzipepala yoviika m'madzi, kulibwezera pamoto, kenako kutsegula kukamwa kwake ndi chopanira. Kapu ikatha saiika poyera, chifukwa ikazizira msanga imasweka. Amaiika mu uvuni wina kuti izizire pang'onopang'ono kwa maola ambiri. N'chifukwa chake mlendo amene waona kapu ikupangidwa sangaigule pompo, amagula ina yopangidwa kale m'kasitolo kawo.

Zonsezi mmisiri amachita ana atamuunjikira, akuluakulu atamulozetsa mafoni. Galasi likasweka, aliyense waona. Mmisiri wakufakitale akalakwitsa amataya n'kuyambiranso mwakachetechete, pamene wa kuno alibe pobisala.

Chapafupi pali timisewu tamiyala tam'tauni yakale, ndipo nyumba zake zambiri zinachokera ku Södermalm, dera lina la Stockholm lomweli. Muli ophika buledi ndi mabanzi a sinamoni, amene fungo lawo limaitana makasitomala lokha. Muli osindikiza mabuku amene amatola zilembo zachitsulo chimodzichimodzi n'kuzindandalika chobwerera, kuti zikadindidwa papepala ziwerengeke bwino. Muli woumba mbiya, wosoka mabuku, wosula siliva, malo opalira matabwa ndi ena okonzera makina oyendera malamba. Sikuti onsewa amatsegula tsiku lililonse. Ena ndi olembedwa ntchito, ena amangodzipereka chifukwa chokonda luso lawo.

Komatu pali amisiri ena amene alendo sawajambula kawirikawiri, chonsecho popanda iwo mudziwu bwenzi utagwa kalekale. Nyumba yamitengo imaola. Tchalitchi cha Seglora, chomangidwa cha m'ma 1730 ndipo chinasamutsidwira kuno mu 1916 kuchokera kuchigawo cha Västergötland, chinakutidwa ndi timatabwa tating'ono tofuna kupakidwa phula ndi utoto wofiira kuti mvula isatilowe, ndipo mpaka pano anthu amamangitsiramo maukwati. Nyumba zina madenga ake ndi a makungwa ndi dothi lomera udzu. Kalipentala wa kuno sangangothamangira kusitolo kukagula malata, chifukwa akatero ndiye kuti nyumbayo yasiya kunena zoona. Ayenera kudziwa kusema mtanda ndi nkhwangwa kuti ulowane ndi unzake pangodya, ngati mmene anachitira amene anaimanga. Palinso osunga ndi kusoka zovala zakale zimene apantchito amavala, olima minda, ndi osamalira nyama: zimbalangondo ndi mphalapala, kudzanso ng'ombe, nkhosa ndi nkhumba zamakolo zimene alimi ambiri anazisiya.

Gulu lalikulu ndi la olandira alendo m'nyumbazi. Mayi wokhala pafupi ndi moto akupota ulusi ayenera kudziwa kuti nyumbayo inachokera kuti, munkagona anthu otani, ankadya chiyani m'nyengo yozizira. Funso lomwelo amaliyankha kambirimbiri patsiku, m'Chiswidi ndi m'Chingelezi, nkhope ili yosangalala, manja asanasiye ulusi. Ntchito imeneyi ili ndi mbiri yake yosakoma. M'zaka zoyambirira, anthu a mtundu wa Sami, oweta mphalapala a kumpoto, ankabweretsedwa kuti azikhala pamalowa alendo n'kumawaonerera. Kuonetsa luso la munthu ndi kuonetsa munthu mwiniwakeyo n'zosiyana, ndipo panthawiyo malirewo sanalemekezedwe.

Ntchito ya ku Skansen imayendera nyengo. Kumapeto kwa Juni, pamene dzuwa limachedwa kwambiri kulowa, kumakhala chikondwerero cha Midsommar: amakulunga chimtengo chachitali ndi masamba ndi maluwa, kuchiimika anthu akukuwa, kenako oimba vayolini n'kuyambitsa gule wozungulira. Miyezi imeneyi ndi imene kumalembedwa antchito ambiri a kanthawi, pakuti alendo amachuluka. Madzulo ena kumakhala Allsång på Skansen, mwambo woimbira limodzi umene unayamba mu 1935 ndipo umaonetsedwa pa wailesi yakanema. Nthawi yokolola ikafika amaonetsa mmene ankasinjira fulakesi, mbewu yopangira nsalu za bafuta, ndipo kumakhala msika wa zokolola. Kenako mdima ndi chisanu zimabwera. Msika wa Khirisimasi, umene unayamba mu 1903, umadzaza ogulitsa masoseji, nsomba zowamba, makandulo ndi zoluka zaubweya, ataima panja maola ambiri kukuzizira koopsa. Pa 13 Disembala pamadutsa atsikana ovala zoyera a mwambo wa Lucia, wotsogolera atavala chisoti cha makandulo.

Zikondwererozi si zosangalatsa chabe. Skansen imalandira alendo oposa 1 miliyoni pachaka, ndipo ndalama zambiri zoyendetsera malowa zimachokera kwa alendowo, boma limangothandizapo gawo lina. Ndiye kuti malipiro a kalipentala wokonza denga amadalira munthu amene wabwera kudzavina kapena kudzagula kandulo. Zimenezi zinaonekera poyera mu 2020, mliri wa Covid-19 utaletsa anthu kusonkhana. Mu Novembala chaka chimenecho Skansen inatseka zipata zake, koyamba m'zaka 129, ndipo msika wa Khirisimasi sunachitike. Osamalira nyama anapitirizabe kubwera kuntchito tsiku ndi tsiku mpaka malowa atatsegulidwanso mu 2021.