Mwana akatsalira polemba, bwererani pomwe pali iye

Mdzukulu wanga ali mu Giledi 5, koma nditamupatsa pensulo kuti alembe zomwe tinadya dzulo, anangoti kakasi. Kuno ku Linda ana otere ndi ambiri, ndipo si kuti mitu yawo ndi youma. Chinyanja chapamsewu ndi cham'buku n'zosiyana. Mwana amati "nifuna", buku likuti "ndifuna". Kenako Chingelezi chimabwera pamwamba.

Ndinasiya kumukakamiza mabuku a kalasi yake. Nzeruyi ndinaitenga ku pulogalamu ya Catch Up, yomwe unduna wa maphunziro unayamba kuyesa mu 2016 potengera njira ya bungwe la Pratham la ku India. Ana a Giledi 3 mpaka 5 amawagawa m'magulu malinga ndi zomwe akutha kuwerenga, osayang'ana kalasi.

Madzulo alionse, mbale zikatsukidwa, timakhala pakhonde mphindi 20. Iye amanena chiganizo chimodzi, ine n'kulemba, iye n'kukopera. Mawa lake amalemba yekha. Galamala sindimuphunzitsa ndi mayina ake ovuta aja. Ndimangoti, "chimanga changa, mbale yanga, nanga ana?" Iye amvekere, "anga!" Khutu lake limadziwa kale, dzanja ndilo lotsalira. Ndipo ndimakonza cholakwika chimodzi basi patsiku. Tsiku lina nditachonga tsamba lonse analira, kope n'kulibisa kunsi kwa matiresi.

Makolo anzanga, musadikire mayeso. Mupatseni mwana wanu pensulo lero muone pomwe ali.